Kuwait: Dziko Lopanda Mtsinje Limene Mbalame Zimadalira

[NYIMBO YOTSEGULIRA. IKWERE, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO]

WOULUTSA: Lero tikupita kutali ndithu, ku dziko la Kuwait, kukaona mbalame za kumeneko ndi anthu amene amadzuka usikusiku kukazilonda ndi kuziwerenga.

Dziko la Kuwait lili kumapeto kwenikweni kwa nyanja ya Persian Gulf, chakumpoto, pakati pa Iraq ndi Saudi Arabia. Ambirife timalimva chifukwa cha mafuta a galimoto. Ndi kadziko kakang'ono, masikweya kilomita 17,818 basi, moti nyanja ya Malawi payokha ndi yaikulu kuposa dziko lonselo. Mulibe mtsinje ngakhale umodzi woyenda chaka chonse, mulibenso nyanja ya madzi akumwa. Madzi ambiri amene anthu amamwa amachokera m'mafakitale ochotsa mchere m'madzi a m'nyanja. Mvula ya chaka chathunthu imangopitirira pang'ono mamilimita 100, ndipo yambiri imagwa pakati pa Novembala ndi Epulo. Kunena za kutentha ndiye musachite kufunsa. Pa 21 Julayi 2016, pamalo otchedwa Mitribah, makina oyezera nyengo anaonetsa madigiri 53.9, ndipo bungwe loona zanyengo padziko lonse linatsimikiza kuti kumeneku ndi kwina mwa kutentha kwakukulu kumene anthu anayezapo.

Ndiye m'dziko lotere, la mchenga ndi miyala ndi dzuwa loswa mtengo, anthu aonamo mitundu ya mbalame yoposa 400. Kuno ku Malawi, ndi mapiri athu onsewa, nkhalango, madambo ndi nyanja, tili ndi mitundu pafupifupi 650. Kodi zikutheka bwanji kuti chipululu chitiyandikire chonchi?

[MAWU A MPHEPO YA M'CHIPULULU, MASEKONDI ANGAPO]

Yankho lili pa malo pamene dzikoli lakhala. Mwa mitundu yonseyo, yochepa chabe ndi imene imamanga zisa ndi kuswa m'Kuwait. Yambiri ndi yapaulendo. Chaka chilichonse, kuzizira kukayandikira kumpoto kwa dziko lapansi, mbalame mamiliyoni ambiri zimanyamuka ku Siberia, ku Kazakhstan, ku Iran ndi kum'mawa kwa Ulaya kubwera kuno ku Africa, kenako zimabwerera kwawo kukaswa cha m'Malichi, Epulo ndi Meyi. Panjira pali mapiri a Zagros mbali ina, nyanja ya mchere mbali ina, ndiye kutsogoloku chipululu chachikulu cha Arabia chimene chimatambalala mpaka ku Nyanja Yofiira. Kuwait ali pakhomo penipeni pa chipululu chimenecho. Mbalame yobwera kuno, apa ndi pena mwa malo omaliza pamene ingadye isanalowe m'mchenga. Yobwerera kwawo, apa ndi pamene imagwera itatopa, chipululu chili kumbuyo.

Tiyeni tiganizireko za ulendowu, chifukwa munthu ukaumvetsa, mbalame yaing'ono suiyang'ananso mopeputsa. Mbalame zing'onozing'ono zodya tizilombo zimauluka usiku, m'mwamba momwe muli mpweya wozizira. Zisananyamuke zimadya mosalekeza kwa masiku angapo mpaka thupi kudzaza mafuta, ndipo zina kulemera kwake kumatsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Mafutawo ndiye kamba wapaulendo. Thupi likamawagwiritsa ntchito limapezamo mphamvu, limapezamonso madzi pang'ono. Koma kunja kukamacha, dzuwa likamatuluka, zambiri zimayenera kutera ndi kubisala, ndipo pamenepo moyo wake umadalira chinthu chimodzi: kodi pansipo pali mthunzi?

Pali kambalame kotchedwa Willow Warbler, kochepa kuposa mpheta, kolemera magalamu pafupifupi 10. Akatswiri anamangirira timakina tating'ono pamsana pa zingapo za mtundu umenewu kum'mawa kwenikweni kwa Russia, ndipo anapeza kuti zinauluka makilomita pafupifupi 13,000 kukafika chakummwera kwa Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique. Mtundu womwewu umadutsa ku Kuwait wambirimbiri, ndipo nthawi ya dzinja umakhala m'mitengo yathu, ukudumphadumpha m'masamba ife osauzindikira n'komwe.

Chakumadzulo kwa Kuwait kuli munda wina wotchedwa Al-Abraq. Kuti munthu akafike amayenda mtunda wautali m'chipululu chopanda ngakhale chitsamba, kenako mwadzidzidzi amaona mitengo, timinda tothirira ndi madzi pang'ono. Kwa mbalame imene ili m'mwamba mbandakucha, kadontho kobiriwira kameneko kamaonekera patali zedi, ndiye zonse zimatsikira pomwepo. M'mawa wabwino wa mu Epulo, makamaka ngati usikuwo kunali mphepo yafumbi kapena mvula yamabingu, chitsamba chilichonse chimakhala ndi mlendo. Mbalame zodya njuchi zimandanda panthambi, anamzeze akuzungulira pamwamba pa madzi, zinziri zili m'udzu, ndipo zina zimafika zitatheratu mphamvu moti zimabisala ngakhale kunsi kwa galimoto yoima, bola mthunzi. Mawa lake mukabwereranso mupeza zambiri zapita, mwabwera zina.

Mwa alendo amenewa muli mbalame ina imene alimi ambiri kuno anaionapo. Azungu amaitcha Red-backed Shrike. Yaimuna ili ndi mutu wotuwa, mzere wakuda wodutsa m'maso ndi msana wofiirira, ndipo imakonda kukhala pansonga ya chitsamba m'mphepete mwa munda kudikira ziwala. Nthawi zina imabaya chiwala paminga kusungira mtsogolo. Kuno imaoneka kuyambira cha mu Novembala mpaka Epulo. Chochititsa chidwi n'chakuti njira yobwerera kuno ndi yopitira kwawo n'zosiyana. Pobwera imadzera chakum'mawa kwa nyanja ya Mediterranean ndi ku Egypt. Pobwerera imakhotera kum'mawa, kudutsa Arabia, n'chifukwa chake ku Kuwait imachuluka mu Epulo ndi Meyi. Imene munaiona pamunda panu chimanga chikukhwima, mwina patapita milungu yochepa inali pa waya wa mpanda wina m'chipululu chimenechi.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

Eni chipululu enieni, amene sachokamo ngakhale mu Julayi, ndi ochepa, koma ndi olimba modabwitsa. Wotchuka ndi mbalame yotchedwa Hoopoe-Lark, ya miyendo yaitali ndi mlomo wautali wopindika umene imakumbira mphutsi mumchenga. Imathamanga kwambiri kuposa kuuluka. Nthawi yoswa yaimuna imaimba likhweru lokwera pang'onopang'ono, kenako imadumphira m'mwamba, kutambasula mapiko ake akuda ndi oyera, n'kugwera pansi chamutu. Madzi ambiri imawapeza m'tizilombo timene imadya. Dzuwa likafika paliwombo, mbalame zoterezi zimalowa m'mauna a buluzi wamkulu wa mchira waminga amene Aarabu amamutcha dhub, chifukwa pansipo n'pozizirirapo ndipo thupi silitaya madzi ambiri. Akatswiri anaziona zimenezi ku Saudi Arabia, dziko loyandikana nalo. Ndiye mukaona anthu akupha abuluzi aja kapena kuponda mauna awo ndi galimoto, dziwani kuti mbalamenso yataya pobisala. Chimodzimodzi ndi chitsamba cha arfaj, chimene duwa lake lachikasu ndi duwa la dziko la Kuwait. M'madera ambiri chinatha chifukwa cha kuchuluka kwa nkhosa ndi ngamila komanso misasa imene anthu amamanga m'chipululu nyengo yozizira, ndipo pamene chimaonekabe chochuluka ndi m'malo otchingidwa ndi mpanda monga Sabah Al-Ahmad Natural Reserve.

Koma chuma chachikulu cha mbalame m'dzikoli chili m'matope a m'mphepete mwa nyanja, ndipo apa ndikufuna tichedwepo.

Mitsinje ikuluikulu iwiri, Tigris ndi Euphrates, imakumana ku Iraq n'kupanga mtsinje wa Shatt al-Arab umene umathira m'nyanja pafupi ndi malire a Kuwait. Kwa zaka zikwi zambiri mtsinjewu wakhala ukubweretsa matope a chonde, ndipo matopewo anayala m'magombe a kumpoto kwa Kuwait. Nyanja ya kumeneko imadzaza ndi kuphwa kawiri patsiku. Ikaphwa, matope amatsala poyera mtunda wautali, odzaza nkhanu, nyongolotsi, nkhono ndi tinsomba tina todabwitsa timene timayenda pamatope ndi zipsepse zake. Pagombe la Sulaibikhat, pafupi ndi mzinda waukulu, kumbuyo kwa zipatala ndi misewu ya galimoto zambirimbiri, nyengo yozizira kumasonkhana mbalame za miyendo ndi makosi aatali zotchedwa flamingo, zofiirira motuwa, nthawi zina zikwizikwi. Pambali pake pamakhala akakowa ndi timbalame tambirimbiri ta m'matope tochokera kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, tina tikumathera nyengo yonse pomwepo, tina tikungodya n'kupitirira.

Chakumpoto kuli chilumba chachikulu cha Bubiyan, masikweya kilomita 863, chathyathyathya, cha matope ndi mchere, chopanda midzi. Mbali yake ya kumpoto ndi malo otetezedwa otchedwa Mubarak Al-Kabeer, mahekitala oposa 50,000. M'chaka cha 2015 Kuwait analowa m'pangano la mayiko loteteza madambo la Ramsar, ndipo malo amenewa ndi amene anawalembetsa. Ndi pangano lomwelo limene muli nyanja yathu ya Chilwa ndi dambo la Elephant Marsh ku Chigwa cha Shire.

Pa Bubiyan ndi pamene pamaswa mbalame imene ine ndimaiona kuti ndi yodabwitsa kuposa zonse za m'dzikoli, yotchedwa Crab Plover, mbalame yodya nkhanu. Ndi yoyera ndi yakuda, miyendo yake ndi yaitali yotuwa mobiriwira, mlomo ndi wakuda, wonenepa, wolimba moti nkhanu imangoti phwa. Ilibe m'bale wapafupi pakati pa mbalame zonse, ili payokha m'banja lake. Mbalame zinzake za m'matope zimaikira mazira anayi kapena atatu amawangamawanga poyera, pakadzenje kosaya, ndipo anapiye akangoswa amayamba kuthamanga n'kumadzifunira okha chakudya. Iyi ayi. Imakumba una wautali mumchenga, wopitirira mita imodzi, nthawi zina kufika mamita awiri, ndipo zimakumba pamodzi zambirimbiri mpaka malo onse kukhala mauna okhaokha. Mkatimo imaikira dzira limodzi, loyera, lalikulu kwambiri poyerekeza ndi thupi lake.

Tamvani nzeru yake. Imaswa nthawi yotentha, pamene dzira loikidwa poyera likhoza kupsa. Koma mkati mwa una, kutentha kwa dzuwa kumafika kochepa, kofanana usana ndi usiku, kokwanira kufungatira dzira. Akatswiri amene anazifufuza pa zilumba za ku Eritrea anapeza kuti makolo amatha kulisiya dzira kwa maola ambiri, nthawi zina kupitirira tsiku lathunthu, ali kutali kosaka nkhanu, dziralo osawonongeka. Mwanapiye akaswa amakhala mu unamo, makolo n'kumamubweretsera nkhanu imodziimodzi. Ngakhale ataphunzira kuuluka salekana nawo msanga. Amawatsatira paulendo wopita kummwera, akulira kupempha chakudya kwa miyezi. Ulendowo umafika ku magombe a Kenya, Tanzania, Madagascar ndi Mozambique. Abale athu amene anafikapo kunyanja ya mchere cha ku Pemba kapena ku Bazaruto mwina anaziona zitaima pamchenga m'magulu. Bubiyan ndi limodzi mwa malo akuluakulu padziko lonse pamene mbalameyi imaswa.

Malowa apulumuka mpaka lero makamaka chifukwa n'ngovuta kufikako ndipo ali kumalire, kumene asilikali salola aliyense kungolowa. Komabe zinthu zikusintha. Pachilumba chomwecho akumanga doko lalikulu la sitima, ndipo mu 2019 anatsegula mlatho wa Sheikh Jaber, wodutsa pamwamba pa nyanja, wautali makilomita oposa 30, umene wayandikitsa dera lakumpotoli ku mzinda. Kwinaku madamu amene amangidwa pa mitsinje ija ku Turkey, Syria, Iraq ndi Iran achepetsa madzi ofika kunyanja, ndiye mchere ukuchuluka, matope atsopano akuchepa. Mbalame imene imaika mazira ake onse pa zilumba zochepa chabe siichedwa kutha ngati chimodzi mwa zilumbazo chasokonezedwa. Vuto lofanana lili pa kachilumba ka Kubbar, makilomita pafupifupi 30 kuchokera kugombe, kumene mbalame za m'nyanja zotchedwa tern zimaswa zikwizikwi nyengo yotentha. Anthu a maboti akafika kudzasangalala, makolo amauluka ndi mantha, ndipo mphindi zochepa padzuwa limenelo n'zokwanira kupha dzira kapena mwanapiye.

[MAWU A MBALAME ZA M'BANGO]

Mukumvera pulogalamu yathu ya zachilengedwe, ndipo lero tili ku Kuwait. Tsopano tifike pamalo amene oonera mbalame amawakonda koposa, madamu a Jahra, kumadzulo kwa mzinda waukulu. Musaganize za kasupe wa m'phiri. Madzi a pamenepa ndi otsalira m'nyumba za anthu a m'tauni, amene amayeretsedwa kenako n'kutayidwa chakugombe. M'dziko louma chonchi, ngakhale madzi oterowo ndi chuma. Panamera bango, panabwera achule, tizilombo ndi tinsomba, ndipo mbalame sizinachedwe. Boma linapatula malowa mu 1987, ndipo lero ali ndi mpanda ndi alonda, amayang'aniridwa ndi nthambi ya boma yoona zachilengedwe. Nyengo yozizira pamakhala abakha amtchire, akakowa a mitundumitundu ndi ziombankhanga zamawanga zochokera ku Russia, mtundu umene padziko lonse watsala wochepa.

M'bango limenelo nthawi zina mumamveka kambalame kotuwa, kosaoneka bwino, ka mlomo wautali, kotchedwa Basra Reed Warbler. Ndikufuna mukakumbukire, chifukwa nkhani yake imafika mpaka kwathu kuno. Pafupifupi mtundu wonsewu umaswa malo amodzi, m'madambo akuluakulu a kummwera kwa Iraq, pafupi ndi mzinda wa Basra, kungodumpha malire kuchokera ku Kuwait. M'zaka za m'ma 1990 boma la Saddam Hussein linapatutsa mitsinje n'kuumitsa madambowo, pofuna kulanga anthu okhala mmenemo amene linkawaganizira kuti akubisa zigawenga. Pofika cha mu 2000 panatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Anthu zikwi zambiri anathawa, njati zawo zinasowa msipu, ndipo kambalame kaja kanalowa m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi yakutha. Boma lija litagwa mu 2003, eni dera anagumula zotchinga madzi, gawo lina la madambo linabwerera, ndipo mu 2016 bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse, ngakhale chilala ndi kuchepa kwa madzi zikuwavutabe.

Kambalameka kakamaliza kuswa kamadutsa ku Kuwait ndi Arabia, kamaima kaye kumpoto chakum'mawa kwa Africa, kenako kamatsika kudzera ku Kenya ndi Tanzania. Kena kamafika mpaka ku Chigwa cha Shire, ndipo ofufuza mbalame anakagwirapo n'kukaveka mphete ku Nchalo. Ndipotu asayansi anayamba kukadziwa kuno kum'mawa kwa Africa, mu 1891, asanadziwe n'komwe kumene kamaswa. Choncho bango la ku Basra, bango la ku Jahra ndi zitsamba za m'mphepete mwa Shire zikusunga moyo umodzi womwewo, ndipo pakawonongeka pamodzi, kwinako khama lawo lapita pachabe.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

Mbalame za ku Kuwait zaonapo zoopsa. Pa 2 Ogasiti 1990 asilikali a Iraq analanda dzikoli, ndipo pothawa kumayambiriro kwa 1991 anayatsa zitsime za mafuta zoposa 600. Moto womaliza unazimitsidwa mu Novembala chaka chomwecho. Utsi unatseka dzuwa kwa miyezi, mafuta ochuluka anatayidwa m'nyanja n'kupha mbalame za m'madzi zikwi makumi angapo, makamaka m'magombe a Saudi Arabia. M'chipululu munatsala maiwe a mafuta okhaokha, onyezimira, ndipo mbalame zapaulendo, zaludzu, zinkatera mmenemo poyesa madzi.

Nkhondo inatha, koma mfuti sizinaleke kulira. Kwa zaka zambiri nyengo ya ulendo wa mbalame inalinso nyengo ya alenje. Anyamata ankazungulira ndi galimoto m'malo omwe aja obiriwira n'kumawombera chilichonse chouluka, kaya ndi namzeze, kaya mbalame yodya njuchi, kaya chiombankhanga, zambiri n'kuzisiya pomwepo zikuwola. Kafukufuku amene bungwe la BirdLife International linatulutsa mu 2019 anayerekeza kuti m'mayiko a Arabia pamodzi ndi Iran ndi Iraq, mbalame pakati pa 1.7 ndi 4.6 miliyoni zimaphedwa kapena kugwidwa mosatsata malamulo chaka chilichonse.

Pano ndinene maganizo anga mosabisa. Ife sitingaloze chala ngati kuti manja athu ndi oyera. Ku Chilwa anthu amatchera mbalame zambiri, ndipo mwana aliyense wa kumudzi amadziwa legeni ndi ulimbo. Koma munthu amene watchera nkhwali kapena bakha chifukwa nsomba zasowa ndipo ana alibe ndiwo, tikhoza kukhala naye pansi n'kugwirizana za nyengo yosaka ndi malo oleka. Kupha mbalame yotopa, imene yawoloka chipululu usiku wonse, pongofuna kuyesa mfuti ndi kujambulitsa, kumeneko n'kuwononga basi, ndipo palibe mwambo umene ungakuikire kumbuyo. Akuluakulu athu amati mlendo ndi mame. Mbalameyo inangofuna tsiku limodzi la mthunzi.

Mu 2014 Kuwait anakhazikitsa lamulo latsopano loteteza zachilengedwe, lamulo nambala 42, limene limaletsa kupha kapena kugwira nyama ndi mbalame zamtchire popanda chilolezo, ndipo wolakwa amalipira chindapusa kapena kupita kundende. Anakhazikitsanso apolisi oona zachilengedwe. Vutoli silinatheretu, makamaka m'minda ya kutali kumene maso a boma safika kawirikawiri, koma m'malo otchingidwa monga Jahra mbalame zikupuma mwamtendere kuposa kale.

Amene anathandiza kwambiri kuti zinthu zifike pamenepa ndi oonera mbalame. Ndi kagulu kochepa: eni dziko, ambiri a iwo akatswiri ojambula zithunzi, alendo ogwira ntchito m'makampani ndi m'masukulu, ndi mamembala a bungwe la Kuwait Environment Protection Society limene linayamba mu 1974. Ntchito yawo ndi ya kuleza mtima. Amadzuka kusanache, chifukwa nyengo yotentha pofika 9 koloko mbalame zabisala ndipo munthu sangapirire panja. Nthawi zambiri satsika m'galimoto, poti mbalame siiopa galimoto yoima ngati mmene imaopera munthu woyenda. Opita kugombe amayamba aona kaye nthawi imene nyanja idzadzaze, n'kufika kutatsala ola limodzi kapena awiri, kuti madzi akamakwera azikankhira mbalame kufupi ndi iwo. Amanyamula magalasi oonera patali, buku la zithunzi za mbalame, madzi akumwa ambiri ndi polemba. Amalemba mtundu, chiwerengero, malo ndi tsiku. Munthu akanena kuti waona mbalame yachilendo, mawu ake okha sakwanira: pali komiti imene imaunika chithunzi ndi kufotokoza kwake isanavomereze kuti ilowe pamndandanda wa dziko. Zolemba za zaka zambiri zoterezi n'zimene George Gregory anasonkhanitsa m'buku lake la mbalame za dziko la Kuwait mu 2005. Masiku ano ambiri amatumiza zimene aona pa intaneti, pa eBird, pamene aliyense angazione.

Mwina wina afunsa kuti phindu lake n'chiyani. Phindu lake ndi ili: pamene wina akufuna kukwirira gombe kuti amangepo nyumba, mawu akuti pano pamabwera mbalame zambiri salemera. Koma munthu akatulutsa kaundula wa zaka makumi awiri, woonetsa mitundu yake, miyezi yake ndi ziwerengero zake, akuluakulu a boma amayamba kumvetsera. Zithunzi za milu ya mbalame zophedwa zimene anthu omwewa ankajambula ndi kufalitsa zinachititsanso manyazi ambiri.

Ndipo kuli alendo ochokera ku Ulaya amene amalipira ndege ndi hotela kuti adzaone mbalame zimene kwawo kulibe. Ambiri amafuna imodzi yotchedwa Grey Hypocolius, yotuwa, yosalala, ya mchira wautali, yaimuna ili ndi chigoba chakuda kumaso. Imaswa ku Iraq ndi Iran, imakonda zipatso ndi tende, ndipo nyengo yozizira imaoneka m'minda ndi m'mapaki a Kuwait, ngakhale pa Green Island, kachilumba kochita kumanga m'mphepete mwa mzinda. Iyinso ili yokha m'banja lake. Ena amapita ku minda ya Abdali, kufupi ndi malire a Iraq, kukafuna mbalame yaphokoso yoyenda m'magulu yotchedwa Afghan Babbler. M'tauni momwemo muli apumbwa a masaya oyera, njiwa, ndi mbalame zina za ku India monga myna zimene zinachita kubwera ndi anthu n'kukhazikika.

[NYIMBO YOTSEKERA IYAMBE CHAPANSIPANSI]

Nthawi yatithera, koma ndisanatsanzike ndili ndi pempho. Zambiri zimene tikudziwa za maulendo a mbalamezi zinadziwika chifukwa cha timphete tachitsulo timene ofufuza amaveka kumwendo kwa mbalame. Ku Ngulia, m'nkhalango ya Tsavo ku Kenya, ntchito imeneyi yakhala ikuchitika kuyambira 1969, ndipo aveka mbalame mazana a zikwi zochokera kumpoto. Kamphete kalikonse kali ndi nambala yake ndi dzina la malo kumene kanachokera. Mukapeza mbalame yovala kamphete, kaya yagwidwa mu ukonde, kaya mwaipeza yakufa, kaya ana abwera nayo kuchokera kutchire, chonde musataye. Lembani zonse zimene zili pakamphetepo, tsiku ndi malo amene mwaipeza. Ngati ili moyo, isiyireni kamphete kake ndipo muimasule ipite. Kenako kadziwitseni a nthambi ya boma yoona za nkhalango ndi nyama zamtchire, kapena a Wildlife and Environmental Society of Malawi, amene angatumize uthengawo ku SAFRING, ofesi ya pa yunivesite ya Cape Town imene imasunga kaundula wa mphete za mbalame kummwera kwa Africa kuno. Aphunzitsi amene muli ndi makalabu a zachilengedwe, auzeni ana zimenezi mvula isanayambe, chifukwa alendowa amayamba kufika mu Okutobala.

Tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino. Tsalani bwino.

[NYIMBO IKWERE MPAKA KUMAPETO]